Bwanji nyumba imalira akaika makina a mphepo padenga?

Ana inu, nali funso loti tiswere limodzi mutu lero. Makina a mphepo opangira magetsi samwa petulo, satulutsa utsi, ndipo chowayendetsa ndi mphepo yomweyi imene imawumitsa zovala pachingwe. Nanga bwanji anthu ena amene anawamangirira padenga la nyumba zawo anayamba kusowa tulo, mpaka kuwazimitsa kapena kuwatsitsa kumene?

Makina ndikunenawa si zimphona zija mumaziona pa TV zitandandalikana m'mapiri a kunja. Awa ndi aang'ono, oti akuluakulu awiri akhoza kuwanyamula. Kutsogolo ali ndi mapiko, kawirikawiri atatu, ndipo akamazungulira amajambula bwalo lotambalala mita imodzi kapena mamita awiri. Kuseri kwa mapikowo kuli kajenereta kogwira ntchito mofanana ndi dayinamo ya njinga. Kumbuyo kwenikweni kuli mchira umene umatembenuza mutu wa makinawo kuti uziyang'ana kochokera mphepo. Mukawaonera patali amakongola, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti akuzungulira ali zii. Yandikirani mumve.

Tisanapite patali, ikani zala ziwiri pakhosi panu ndi kunena kuti "mmmm". Mwamva kanthu kakunjenjemera pansi pa zalazo? Phokoso lililonse limabadwa choncho. Chinthu chikamanjenjemera chimakankha mpweya umene chagundana nawo, mpweyawo nukankha unzake, mpaka kukankhanako kufika pa kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa khutu lanu. Ulendo umenewu ndi wachangu: mumpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Khutu la mwana wathanzi limamva chinthu chonjenjemera ka 20 pa sekondi, limamvanso chonjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi. Chonjenjemera pang'onopang'ono chimatulutsa mawu a besi, chonjenjemera mofulumira chimalira mwa "tswii".

Phokoso la makina a mphepo limafika kwa munthu podzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mumpweya, ndipo iyi ndi yosavuta kuimvetsa. Tengani kamtengo kowonda, mukakwapule m'malere mwamphamvu. Kalira kuti "fyuu!" pamene simunamenye kanthu. Chalira ndi mpweya umene wang'ambidwa ndi kuvundulidwa kuseri kwa kamtengoko. Mapiko a makina amachita zomwezo, koma mosalekeza, ndipo nsonga zake zimathamanga modabwitsa. Pa makina ambiri a mapiko atatu, nsonga ya phiko imathamanga kuposa mphepo kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira apo. Tiyeni tiwerengere. Mphepo ikamawomba pa liwiro la makilomita 36 pa ola, nsonga ya phiko ndiye kuti ikuthamanga makilomita oposa 200 pa ola. Palibe basi ya pa msewu wa M1 imene ingafike pamenepo. Ndipo popeza bwalo lake ndi laling'ono, mapikowo amalizungulira pafupifupi ka 10 pa sekondi imodzi. Zimphona za m'mapiri zija zimangozungulira ka 10 mpaka ka 20 pa mphindi yathunthu, n'chifukwa chake izo zimapuma mwa "fuu… fuu… fuu", pamene aang'onowa amalira mothamanga ndi mokwera.

Apa ndisaiwale kadzidzi. Mbalame imeneyi anthu ambiri amaiopa, komatu ndi mphunzitsi wamkulu wa akatswiri okonza mapiko. Kadzidzi amauluka osamveka m'pang'ono pomwe, mbewa imangozindikira yagwidwa. Chinsinsi chili pa nthenga zake: m'mphepete mwake muli timano ngati ta chipeso ndi timanyenje tofewa timene timaphwanya mpweya wovunduka kuti ukhale tizidutswa tating'ono tosasokosa. Masiku ano mapiko ambiri a makina akuluakulu amaikidwa timano m'mphepete mwake cha kumbuyo, ndipo nzeruyo anaitengera kwa mbalame imeneyi.

Komatu phokoso la mumpweya si limene linasautsa kwambiri anthu ogona pansi pa makinawa. Ukatseka zenera limachepa. Njira yachiwiri ndiyo yovuta, chifukwa siidzera pazenera kapena pakhomo.

Mawa kusukulu mudzayese izi. Mnzanu adzakande kumapeto kwa desiki ndi chikhadabo, pang'ono chabe, inu muli chilili. Mwina simudzamva kanthu. Kenako mudzagunditse khutu pa desikiyo, iye n'kukandanso chimodzimodzi. Mudzadabwa, zidzamveka ngati khoswe akudya thabwa m'khutu mwanu momwe. Zinthu zolimba zimanyamula kunjenjemera bwino kuposa mpweya. M'chitsulo phokoso limayenda mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi, ndipo silitaya mphamvu msanga panjira. Tsono makina a mphepo akamangiriridwa panyumba ndi mabawuti, kunjenjemera kwake kumatsika ndi mpaipi umene akhalapo, kulowa m'khoma kapena m'mitengo ya denga, kufalikira m'malata, kutsikira m'zipinda, mpaka kukafika pa mwendo wa bedi.

Ndipo nyumba siimangonyamula phokosolo ayi, imalikuza. Anyamata amene munakhomapo banjo ya chigubu mukudziwa bwino zimenezi. Mukamanga waya pakati pa misomali iwiri n'kumukodola, amalira motsitsa kwambiri, poti waya ndi wowonda ndipo amakankha mpweya wochepa. Koma waya yemweyo mukamudutsitsa pa chigubu, chigubu chonse chimanjenjemera naye limodzi, mawu n'kumveka mpaka kuseri kwa nyumba. Babatoni ya Gasper Nali, woimba wa ku Nkhata Bay uja, ili ndi waya mmodzi yekha, koma chifukwa cha ng'oma yachikopa imene ili kumunsi kwake imagunda besi yovinitsa bwalo lonse. Makina a mphepo ali ngati waya uja. Denga la malata, lalikulu, lopyapyala, lokhala ndi chipinda pansi pake, ndilo chigubu. Vuto ndi lakuti munthu amagona m'kati mwa chigubucho.

Ngati kunyumba kuli foni, pemphani amayi kapena ababa aichotse mawu kuti izingonjenjemera, wina aiimbire. Ikakhala pa pilo simudzaimva. Muiike pa beseni lachitsulo lovundikira, ndipo mudzamva "grrrr" nyumba yonse. Foni ndi yomweyo, mphamvu yake ndi yomweyo. Chasintha ndi pamene yakhala.

Mwina wina afunsa: nanga chimanjenjemeretsa makinawo n'chiyani, poti amangozungulira?

Choyamba ndi kulemera kosafanana kwa mapiko. Gadamitsani njinga, mupalase ndi dzanja kuti gudumu lakumbuyo lithamange. Njinga ili phee. Tsopano liimitseni, mumate chibuma cha dothi lonyowa mbali imodzi ya limu, mupalasenso. Njinga yonse iyamba kudumphadumpha, chifukwa mbali yolemerayo ikukokera gudumu kumwamba, kutsogolo, pansi, kumbuyo, pa kuzungulira kulikonse. Phiko limodzi likangobenthuka pang'ono, kapena likamatidwa fumbi ndi zitosi za mbalame kuposa anzake, makina onse amagwedezeka motero, ka 10 pa sekondi.

China chili m'kajenereta muja. M'menemo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi zitsulo zokulungidwa waya wa kopa. Pa majenereta ambiri, maginito akamadutsa chitsulo chilichonse amachikoka, kenako n'kuchisiya, n'kukokanso chotsatira. Mukazunguza kamutu ka dayinamo ya njinga ndi zala mumamva kakugwiragwira, sikayenda myaa. Kugwiragwira kumeneko kukachitika mazanamazana pa sekondi kumasanduka kulira kwa "ng'uuu" kumene kumakwera mphepo ikakula, n'kutsika mphepo ikachepa. Palinso kena kobisika: phiko lililonse likamadutsa kutsogolo kwa mpaipi limakumana ndi mpweya wosokonezeka, n'kugwedezeka pang'ono. Mapiko atatu, kuzungulira ka 10 pa sekondi, ndiye kuti kugunda ka 30 pa sekondi. Amenewo ndi mawu a besi yakuya, pafupi ndi malire a khutu lathu, oti nthawi zina umawamvera m'chifuwa kuposa m'makutu. Ndipo mawu a besi ndi amene amabowola makoma mosavuta. Paja kukakhala ukwati kutsidya, chimafika kwanu usiku ndi "du, du, du", osati mawu a woimba.

Koma mdani wamkulu ndi mphepo ya padenga yeniyeniyo. Anthu ambiri amaganiza kuti padenga ndi pabwino poti ndi pamwamba. Ayi ndithu. Mphepo ikagunda khoma la nyumba imakwera mokakamizika, n'kupiringizika m'mphepete mwa denga, ina kubwerera m'mbuyo, ina kuzungulira ngati kamvuluvulu. Onani utsi wa pakhitchini tsiku la mphepo, momwe umapotokera ndi kugwera pansi kuseri kwa nyumba. Makina oikidwa m'mphepo yotereyi sapeza mtendere. Mchira umawatembenuzira kuno, posakhalitsa uko. Mapiko amathamanga, kenako kufooka, kenako kuthamanganso modzidzimuka. Chinthu chozungulira mwaliwiro chimakana kutembenuzidwa mwadzidzidzi, choncho kutembenuka kulikonse kumapotokola mpaipi, mpaipiwo n'kukankha khoma.

Pali chinthu china chimene chimazunguza anthu mitu. Nthawi zina mphepo imakhala yapakatikati koma nyumba ikulira koopsa, ndiye mphepo ikakula phokoso lija limachepa. Zimatheka bwanji? Kumbukirani pa katungwe. Mukamamukankha mnzanu pa nthawi yake yeniyeni, pamene wangoyamba kubwerera kutsogolo, ngakhale ndi chala chimodzi amakwera mpaka kukuwa. Mukamakankha mosalongosoka, sapita patali. Chinthu chilichonse chili ndi liwiro lake limene chimakonda kugwedezekera: mpaipi uli ndi lake, lata lili ndi lake, galasi la pazenera lili ndi lake. Makina akafika pa liwiro logwirizana ndi la lata, tikukankha tawo tating'ono timaunjikana, lata n'kuyamba kubangula. Akapitirira liwirolo, latalo limakhala chete, mwina n'kuyamba kulira zenera. Ndipo popeza mphepo imasinthasintha, makinawo amadutsa pa malo amenewa kambirimbiri usiku umodzi.

Zonsezi zinaonekera poyera ku Britain. Cha m'ma 2006 anthu kumeneko anatengeka kwambiri ndi makina a padenga. Sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira yotchedwa B&Q inayamba kuwagulitsa chaka chimenecho, ndipo ngakhale David Cameron, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo, anaikitsa ena panyumba yake ku London. Anthuwo anali ndi cholinga chabwino, chofuna magetsi osawononga chilengedwe. Kenako akatswiri anati tiyeni tiyeze. Pa kafukufuku wotchedwa Warwick Wind Trials, wa mu 2007 ndi 2008, anatsatira makina 26 omangiriridwa pa nyumba m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Anapeza kuti akaphatikiza onse n'kugawa mofanana, makina amodzi amapanga magetsi ongokwana kuyatsa babu limodzi la mawati 10 pafupifupi usana ndi usiku, basi. Ena, oikidwa pamalo obisika mphepo, amadya magetsi ambiri m'zipangizo zawo kuposa amene amapanga. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti makina amene amachita bwino zedi anali pamwamba pa nyumba zitalizitali zosanjikizana, pamene mphepo inali yamphamvu, koma amenewo anakhala ozimitsidwa nthawi yaitali ya kafukufukuyo chifukwa anthu okhala m'nyumbazo anadandaula phokoso. Pofika 2009, B&Q inasiya kuwagulitsa.

Musawaone ngati anthu odandaula zilizonse. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Kunong'ona kuli pa madesibelo pafupifupi 30, kucheza wamba pafupifupi 60, ndipo mukawonjezera madesibelo 10 khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'chipinda chogona phokoso losalekeza lisapitirire madesibelo 30 usiku, kuti munthu agone bwino. Masana kulira kwa makina kumabisika m'phokoso la magalimoto, mawailesi ndi ana osewera. Usiku zonsezo zikatha, kumatsala kokha. Ndipo phokoso lokwera ndi kutsika limavuta kulizolowera kuposa lokhazikika, chifukwa ubongo umangodzidzimuka kufuna kudziwa chimene chasintha. Mwana wosagona bwino amasinza m'kalasi, wodwala wosagona amachedwa kupeza mphamvu. Ine ndimaona kuti tulo ta munthu, kaya mwini nyumba kaya woyandikana naye, n'tofunika kutiwerengera pogula makina monga momwe timawerengera mtengo wake.

Nyumba nayo imavutika. Ku Britain nyumba zambiri ndi za njerwa zowotcha zomangidwa ndi simenti, komabe akatswiri amachenjeza kuti makinawa asamangiriridwe pa chumuni, poti chikhoza kung'aluka. Nanga kwathu kuno, kumene nyumba zambiri ndi za zidina kapena njerwa zomangira dothi, ndipo malata amagwiridwa ndi misomali pa mitengo yowonda? Kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumakulitsa mabowo a misomali, denga n'kuyamba kudontha. Kumakhwefula mabawuti, kumatsegula ming'alu m'khoma. Ndiye ikabwera mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja, imene imasasula madenga ngakhale opanda kanthu pamwamba, imapeza pogwira.

Ena amayesa kuchepetsa vutoli poika zidutswa za mphira yokhuthala pakati pa mpaipi ndi khoma, monga momwe injini ya galimoto imakhalira pa mphira. Zimathandizako, mofanana ndi pilo uja pansi pa foni, makamaka pa kulira kokwera. Koma besi yakuya ija imadutsabe, ndipo mphira siingakonze mphepo yopiringizika.

Njira yeniyeni ndi kuchotsa waya pa chigubu: makina akhale pa mlongoti wawo, wozikidwa pansi, kutali ndi nyumba, magetsi okha ndiwo abwere ndi nthambo. Pamenepo kunjenjemera kumathera m'nthaka. Phokoso la mumpweya nalo limafooka ndi mtunda: pabwalo poyera, mukawirikiza kawiri mtunda, limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Odziwa ntchitoyi ali ndi lamulo lawo lapakamwa, loti mapiko akhale mamita 9 pamwamba pa mtengo kapena nyumba iliyonse imene ili m'kati mwa mamita 150. Kumwamba kumeneko mphepo imayenda mowongoka ndiponso mwamphamvu, ndipo phindu lake ndi lalikulu kuposa momwe mungaganizire. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene ili m'mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu.

Mnzanu wina wa ku Kasungu anaimika makina ake motero. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Ali ndi zaka 14 anasonkhanitsa fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawawongola pamoto kuti akhale mapiko, njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo. Zonsezi anazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika pafupifupi mamita 5, yoima payokha pabwalo, n'kukoka waya kulowa m'chipinda chake. Babu linayaka, anthu amene amamunena kuti wapenga n'kugwira pakamwa. Pambuyo pake anamanga nsanja ina yaitali kuposa yoyambayo. Nkhani yake inalembedwa m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 inatuluka ngati filimu yojambulidwa ku Kasungu komweko.

Ngati kwanu kapena kusukulu kwanu kuli makina otere, makutu anu akhoza kuthandiza akuluakulu. Makina athanzi amalira "shhh" mosalala. Mukamva "khocho-khocho" ngati mchenga ukuperedwa, ndiye kuti maberingi auma girizi kapena atha. "Gu, gu, gu" wotsatana ndi kuzungulira akutanthauza kuti phiko lina lavulala kapena lalemera. "Ngwe-ngwe" wa zitsulo ndi bawuti yokhwefuka kapena waya wokoka mlongoti amene wakhwepa. Ndipo mphepo yamphamvu ikawomba makina n'kuyamba kubangula ngati helikopita, ndiye kuti mapiko athamanga mopitirira muyeso ndipo akupindikapindika. Pamenepo talikirani, kauzeni wamkulu. Musakwere mlongoti, musagwire nthambo, musaponye mwala kapena kuyesa kuimitsa mapiko ndi ndodo. Makina ambiri ali ndi switchi ya buleki pansi, ndipo woigwira ndi amene anaphunzitsidwa.

Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mwera ukuwomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndi nthawi yabwino yofufuza nokha pamene mphepo yabwino ili pakhomo panu. Pezani nsungwi yaitali, kunsonga kwake mumangeko kansalu kopepuka kapena kachidutswa ka pepala la pulasitiki kotalika ngati mkono wanu. Muyambe mwayang'ana kumwamba kuti palibe mawaya a magetsi pafupi, ndipo wamkulu akhale nanu. Muli pansi pomwepo, imikani nsungwiyo pafupi ndi khoma kuti kansaluko kafike pa msinkhu wa denga, muwerenge mpaka 60 mukukayang'ana. Kadzakupiza uku ndi uku, kudzikulunga pa nsungwi, kugwa, kudzukanso. Kenako pitani nayo pabwalo la mpira kapena pamunda wokololedwa, kutali ndi mitengo, muwerengenso mpaka 60. Mukayese kutsogolo kwa nyumba, kuseri kwake, pafupi ndi mtengo wa mango ndi pachulu, ndipo mujambule mapu a pakhomo panu m'kope, n'kuika chizindikiro paliponse pamene kansaluko kanawongoka n'kuloza mbali imodzi osatembenuka.